Wokwera Wosalipira

Lachisanu Temwanani anabwera naye kunyumba,
kadyamsonga wansalu wa pa kaunjika,
diso limodzi lake lenileni, linalo batani la malaya,
ndi kope lokutidwa ndi jumbo la shuga.
Akuti aphunzitsi a Nyasulu analamula:
aliyense mu Sitandade 4 azimutenga masiku awiri,
akamuonetse ntchito ya munthu wamkulu,
alembe zomwe waona.

Ndinatsegula kopelo pa kuwala kwa tochi.
Ine ndimawerenga ngati ndikukwera chitunda cha ku Masasa,
mwapang'onopang'ono, koma ndimafika.
Kanyamaka kayenda kundiposa.
Kanavalapo chomvera mtima ku chipatala chachikulu,
kananunkhiza khofi ali pamoto,
kanazungulira pa mpando wa ku banki,
ndipo mwana wina analemba kuti kanagona pa mabuku ku Mzuni
n'kudzuka kakuyankhula Chingerezi.

Mwana wanga anayang'ana njinga yotsamira khoma,
kenako anayang'ana zala zake zakumapazi.
"Ndingomusiya m'chikwama, adadi.
Ndikanena kuti anadwala."
Mawuwo anandilowa ngati sipoko pansi pa chikhadabo.

M'mawa nkhungu isanachoke ku Chibavi
ndinamumanga pa handulo ndi mphira wa chubu,
khosi kutsogolo ngati bwana woona malo,
Temwanani pa kushoni, kope pamiyendo.
Anzanga pa siteji anafa nacho chiseko:
"A Mhango, wokwera wanuyo walipira zingati?"
Ndinati musamale pakamwa, awa ndi oyendera sukulu.
Tsiku limenelo ndinakana makasitomala asanu
ndipo madzulo ndiwo zinali mpiru wopanda mafuta.

Tinadutsa pa Katoto magalimoto akutifinyira kumbali,
tinadutsa pa Taifa pomwe mayi wogulitsa zitenje
anam'mangirira kansanza m'khosi, ati kuno kumazizira.
Ndinamuonetsa dzenje lililonse ndi dzina lake,
ili linadya limu langa, ilo linagwetsa mtanga wa mazira.
Mwana analemba zochepa.
Ndinkamva pensulo ili chete kumbuyo kwanga.

Mpaka tinafika pa dambo,
pa matabwa atatu aja omwe timawatcha mlatho,
pomwe wokwera aliyense amatsika, ine n'kukankha,
pomwe mvula ya Epulo imatisiya tsidya lino
ana a sukulu tsidya ilo, tikuyang'anana.
"Amamanga milatho ndani, adadi?"
Ndinati ndi anthu omwe sanathawe masamu.
Sindinamuuze kuti ine sindinathawe,
kuti yunifolomu ndiyo inanditha ndili mu Sitandade 6.

Anamasula mphira uja.
Anagwada pa thabwa, siketi m'matope,
n'kuyamba kuyeza ndi khosi la kadyamsonga,
kuligoneka, kuika chala, kuligonekanso,
milomo ikuwerenga, anthu akumulambalala akudandaula.
Makosi makumi anayi ndi limodzi.
Anabwereza, poti loyambalo ati ndinamusokoneza ndi belu.
Makumi anayi ndi limodzi ndithu.
Kenako pensulo inayamba kuthamanga.

Usiku mayi ake anafuna kumuchapa mlendoyo.
Temwanani anakana, ati matopewo ndi umboni.

Lolemba anapita naye monyadira, khosi lili kunja kwa chikwama.
Ndamva kuti a Nyasulu anakweza tsambalo m'mwamba,
mlatho wa zipilala zinayi, wokhota pang'ono,
pamwamba pake kamunthu pa njinga, kosatsika.
Sabata ino kadyamsonga ali ku Luwinga
kwa mwana wa makaniko.

Ine ndikadatsikabe pa matabwa paja.
Ndimakankha, wokwera akutsatira m'mbuyo atanyamula nsapato,
ndipo ndimapezeka ndikuwerenga chamumtima,
limodzi, awiri, atatu,
mphira uja ukulendewera pa handulo.
Sindinaumasule.